Chitetezo pa ntchito chikhale khalidwe la kampani, osati chikwangwani cha pageti

Mageti ambiri a mafakitale ku Makata, ku Chirimba ndi ku Maone mumzinda wa Blantyre ali ndi zikwangwani zokumbutsa anthu kuvala helemeti ndi jombo. Chikwangwani sichivuta, mumangolipira wojambula basi. Khalidwe lenileni la kampani limaoneka cha m'ma 4 koloko masana, magetsi atangoyaka kumene chithimireni m'mawa, lole ya kasitomala itaima panja injini ikulira, ndiye lamba wa makina wakodwa. Woyendetsa makinawo azimitsa n'kukhoma loko pa swichi, kapena apisa dzanja makina akuzungulira? Nanga kapitawo akaona, amudzudzula kapena amuyamikira kuti ndi wachangu? Zimene zimachitika pa mphindi imeneyo, bwana wamkulu ali phee mu ofesi, ndizo mukufuna kusintha.

Ku Rana Plaza m'dziko la Bangladesh, ming'alu inaoneka pa nyumba pa 23 Epulo 2013. Osoka zovala anauzidwa kuti abwererebe ku ntchito, ndipo mawa lake nyumbayo inagwa n'kupha anthu oposa 1,100. Ngozi anaiona ikubwera. Chimene analibe ndi mphamvu yokana. Zonse zili m'munsimu zikuzungulira pamenepo: wantchito wotsikitsitsa azitha kunena kuti "apa pali vuto", ndipo akanena pazichitika kanthu.

Za lamulo, mwachidule

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza ogwira ntchito pa olemba ntchito. Malo antchito amayenera kulembetsedwa ku nthambi yoona za chitetezo pa ntchito mu Unduna wa Zantchito, zovala zodzitetezera zimaperekedwa ndi kampani, ngozi zikuluzikulu zimanenedwa ku undunawo, ndipo kampani ya anthu oposa 50 imayenera kukhala ndi komiti ya chitetezo. Chipepeso cha wovulala chili m'lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Mu 2019 Malawi anavomereza mapangano a ILO (bungwe loona za ntchito padziko lonse) nambala 155, 184 ndi 187, ndipo pangano 155 limateteza wantchito amene wachoka pamalo poti akuona kuti moyo wake uli pachiswe. Zimenezi ndi maziko chabe. Oyendera malo antchito ndi ochepa, sangakhale pa fakitale yanu usiku ulionse.

Yambirani pa bwana ndi pa ndalama

Lembani mfundo za kampani pa tsamba limodzi, m'Chichewa, bwana wamkulu asaine. Chikalata cha masamba 40 cha m'Chingerezi chimene munakopera kwina chimangodya fumbi mu kabati. Pa tsambalo pakhale chiganizo ichi kapena chofanana nacho: aliyense, ngakhale waganyu wa tsiku limodzi, ali ndi ufulu woimitsa ntchito imene akuona kuti ivulaza munthu, ndipo sadulidwa malipiro chifukwa cha zimenezo.

Kenako tsegulani bajeti. Chitetezo chikhale ndi mzere wakewake wa ndalama, wosiyana ndi wokonzera makina, chifukwa mukaziphatikiza, mwezi wovuta zoyamba kudulidwa ndi magolovesi ndi sevisi ya zozimira moto. Kapitawo apatsidwe malire a ndalama zimene angagwiritse ntchito tsiku lomwelo pokonza choopsa popanda kudikira siginecha zitatu.

Bwana wamkulu aziyenda m'fakitale kamodzi pa sabata, mphindi 30, atavala zonse zimene amauza ena kuti avale. Ulendo umodzi pa mwezi ukhale wa shifiti ya usiku kapena Loweruka. Asapite kukagwira olakwa. Apite ndi mafunso awiri: "Chimene chingakuvulazeni pano n'chiyani?" ndi "Munanenapo chiyani chimene sichinakonzedwe?" Manijala wolowa m'fakitale atavala nsapato za ku ofesi, mlendo wake ali pambuyo wopanda helemeti, wafafaniza maphunziro a mwezi wathunthu pa mphindi ziwiri.

Kapitawo ndiye mwini khalidwe

Wantchito samvera chikalata, amamvera amene amamulemba ovataimu ndi kumupatsa tchuthi. Ngati bonasi ya kapitawo imawerengedwa pa kuchuluka kwa katundu yekha, mwamuuza kale chimene mumafuna. Gawani bonasiyo kuti mbali ina ichokere pa zinthu zimene iye angachite ndi manja ake: zokambirana za m'mawa zachitika zingati, zoopsa zimene zinanenedwa zakonzedwa zingati pa nthawi yake, makina ake onse ali ndi zotchinga kapena ayi.

Pali msampha umene makampani ambiri amagweramo ali ndi mtima wabwino. Amaika bolodi lolembedwa kuti tatha masiku akutiakuti popanda ngozi, n'kulonjeza phwando kapena thumba la shuga akafika masiku 365. Zotsatira zake, munthu akatemeka pa tsiku la 340 anzake amamuuza kuti amange kansalu akhale chete, asawalandule phwando. Ngozi sizinachepe, zangobisala. Perekani mphoto kwa wonena choopsa, osati kwa gulu losanena kanthu.

Malipiro a pa thumba kapena pa chidutswa nawonso muwaunike. Wonyamula matumba a makilogalamu 50 amene amalipidwa potengera kuchuluka kwa matumba sangadikire wilibala kapena trolley ngati ilipo imodzi yokha pa anthu 12.

Lembani zoopsa pamodzi ndi eni ntchito

Tengani anthu atatu kapena anayi pa gawo lililonse: woyendetsa makina, wokonza makina, wosesa ndi kapitawo. Wosesa musamusiye, ndiye amalowa kunsi kwa makina kumene ena safikako. Yendani ntchito yonse kuyambira pamene katundu amatsitsidwa mpaka pamene amakwezedwa, osaiwala ntchito za apo ndi apo monga kutsuka thanki kapena kusintha babu la padenga.

Choopsa chilichonse chipatseni manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5: mpata woti chichitike, ndi kukula kwa chivulazo chake. Chulukitsani manambalawo. Chofika 15 kapena kuposa, ntchito iime kufikira chitakonzedwa kapena mutaika njira ina yogwirira. Cha pakati pa 8 ndi 12 chipatsidwe dzina la munthu wokonza ndi tsiku. Zotsalazo zilowe m'ndondomeko ya masiku onse.

Pokonza, zovala zodzitetezera zibwere kumapeto. Funso loyamba ndi loti choopsacho chingachotsedwe kapena kusinthidwa ndi china, lachiwiri, chingatchingidwe, lachitatu, kagwiridwe ka ntchito kangasinthe. Taonani phokoso. Malire odziwika ndi ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola 8, ndipo kuwonjezera 3 kulikonse kumadula nthawiyo pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali mita imodzi akumveni, mwafika kale pa malirewo. Kugawa zotseka m'makutu n'kotchipa, koma pofika Okutobala kukatentha anthu amazivula. Kusamutsa kompuresa kuti ikhale m'kachipinda kake kunja kumateteza aliyense, ngakhale woiwala.

Grinder, makina a m'manja odulira ndi kupalira zitsulo, ndi chitsanzo china chimene mungachione m'magalaja a ku Ndirande ngakhalenso m'makampani akuluakulu. Grinder yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Disiki yaikulu ya mamilimita 230 inapangidwa kuti isapitirire ka 6,600. Munthu akasowa disiki yoyenera amachotsa chotchinga n'kumanga yaikuluyo, ndipo ikasweka zidutswa zake zimalunjika kumaso ndi pakhosi. Liwiro lovomerezeka limalembedwa pa disiki pomwepo, ndipo tsiku lotha ntchito limadindidwa pa kachitsulo ka pakati. Muzu wa vutoli kawirikawiri uli kusitolo ya kampani: madisiki aang'ono anatha ndipo palibe anaodanso.

Malamulo ochepa amene sakambirana

Malamulo 60 palibe angawasunge pamtima. Sankhani asanu kapena asanu ndi limodzi okhudza zinthu zimene zimapha, ndipo amenewo asapindike ngakhale kwa mphwake wa bwana.

Loyamba ndi la loko, ndipo kuno ku Blantyre lili ndi chifukwa chapadera. Magetsi akathima makina amaoneka ngati afa, ndiye anthu amapezerapo mpata wochotsa zokodwa kapena kupukuta. Jenereta yodziyatsa yokha imalira pakangopita masekondi ochepa, kapena magetsi a ESCOM amabwerera mosachenjeza, dzanja lili m'kati. Ndondomeko yake ndi iyi. Uzani onse okhudzidwa. Zimitsani pa batani, kenako pa swichi yaikulu ya makinawo. Khomani loko wanu, kiyi alowe m'thumba mwanu, ndipo pa lokopo pakhale dzina lanu. Ngati mukugwira anthu atatu, maloko akhalenso atatu. Tulutsani mphamvu yotsalira: mpweya wa m'mapaipi a kompuresa, mafuta a hydraulic, chitsulo chimene chili m'mwamba chitsitsidwe kapena chichirikizidwe. Pomaliza dinani batani loyatsira kuti mutsimikize kuti palibe chikuyenda. Sitepe yomalizayi ndi imene anthu amadumpha, komanso ndi imene imaulula kuti mwakhoma swichi yolakwika. Muuzenso wamagetsi aonetsetse kuti mota iliyonse ili ndi sitata yosadziyatsa yokha magetsi akabwerera, komanso kuti sola kapena inverter sikubweza magetsi ku mawaya amene mukuti mwazimitsa.

Lachiwiri ndi la pamwamba. Makwerero aimikidwe motere: pa mamita 4 alionse okwera, phazi lake litalikire mita imodzi kuchoka pakhoma, ndipo nsonga ipitirire mita imodzi pamwamba pa pomwe mukutsikira. Nsanja yomangira, kaya ndi yachitsulo kaya ya mitengo ya bulugamu, ikhale ndi chogwirira cha m'mbali chotalika pafupifupi mita imodzi, china pakati, ndi thabwa la m'munsi loletsa njerwa kugwera anthu. Padenga, malata owala olowetsa dzuwa ndi malata akale a asbestos sanyamula munthu; yalani matabwa oyendapo. Ndipo musanyengeke ndi harness, malamba ovala m'thupi okhala ndi chingwe chogwira munthu akagwa. Chingwe cha mamita 2 chokhala ndi kathumba kochepetsa kugwedezeka chimafuna mpata wa mamita pafupifupi 6 pansi pa pomwe mwachikoleka. Padenga la mamita 3 munthu amafika pansi chingwe chisanamugwire. Pamenepo pamafunika chingwe chachifupi chomuletsa kufika kumphepete.

Lachitatu ndi la malo otsekeka: mathanki, maenje a zimbudzi, ngalande zapansi, nkhokwe za chimanga. Mpweya wabwino uli ndi okosijeni 20.9 pa 100 alionse. Okosijeniyo akatsika pansi pa 19.5 munthu asalowe. M'maenje a zonyansa mumakhala mpweya wa hydrogen sulphide umene poyamba umanunkha ngati dzira lowola, koma ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha. Kuyesa ndi kandulo n'koopsa kawiri, chifukwa m'menemo mumakhalanso mpweya woyaka. Pamafunika kachipangizo koyezera mpweya, fani yopopera mpweya wabwino, chilolezo cholembedwa, ndi munthu woima panja amene ntchito yake ndi kuyang'anira basi. Woima panjayo auzidwe mobwerezabwereza kuti mnzake akakomoka asalowe. Ngozi zamtunduwu zimakonda kutenga anthu awiri kapena atatu motsatizana, chifukwa wachiwiri amathamangira kukapulumutsa woyamba.

Onjezanipo forklift, kagalimoto konyamulira katundu pa mafoloko: asayendetse wosaphunzira, asakweze munthu pa mafoloko, ndipo njira ya oyenda pansi ilembedwe ndi penti. Onjezaniponso mowa. Ngati muyeza mpweya pageti, yezani onse, manijala yemwe, makamaka Lolemba lotsatira malipiro pamene matsire amakhala ambiri.

Alonda amaiwalika pa nkhani zonsezi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikawomba, mlonda amalowetsa mbaula ya makala m'kanyumba kake n'kutseka chitseko. Utsi wa carbon monoxide wochokera ku makalawo suoneka ndipo sununkha, umangogonetsa munthu n'kumupha. Mupatseni jekete lochindikala ndi kanyumba kokhala ndi polowera mpweya. Jenereta nayonso isalire m'chipinda chotseka kapena pafupi ndi zenera la ofesi.

Kutsegula pakamwa pa anthu

Apa ndi pamene pamagona ntchito yaikulu. Tinaleredwa kuti wamng'ono satsutsa wamkulu, ndipo ntchito m'tauni muno n'zosowa moti munthu amaona kuti kuli bwino kupirira kusiyana n'kutchedwa wovuta. Kungolengeza kuti khomo la bwana ndi lotsegula sikuthandiza. Palibe waganyu angakwere masitepe kukagogoda.

Ikani njira zingapo zonenera: bokosi ndi timapepala pafupi ndi pomwe anthu amadyera, osati pakhomo pa ofesi ya kapitawo, nambala ya WhatsApp yotumizirako chithunzi, ndi nthumwi ya chitetezo pa shifiti iliyonse, yosankhidwa ndi antchito anzake, yolandira nkhani pakamwa kwa amene kulemba kumawavuta. Pemphani makamaka nkhani za ngozi zimene zangotsala pang'ono kuchitika, monga thumba lagwa pamulu koma silinapeze munthu, kapena waya wathetheka. Zoterezi ndi maphunziro aulere.

Chimene chimapha dongosololi ndi chete wa akuluakulu. Yankho lituluke pasanathe maola 48, ngakhale likhale loti chitsulo chake tachiitanitsa ku Johannesburg, chifika pakatha milungu itatu, pakadali pano tatchinga malowo. Pakhoma pakhale bolodi la mizere inayi: chimene chanenedwa, wokonza, tsiku lolonjezedwa, tsiku lokonzedwa. Anthu akaona zinthu zitatu zakonzedwa, mapepala amachuluka okha. Akachuluka musadandaule. Kampani imene malipoti ake akwera kuchoka pa awiri kufika pa 30 pa mwezi sikuti yaipa, yayamba kumva. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Munthu woyamba kuimitsa ntchito ndiye mayeso anu. Aliyense adzakhala akuyang'ana chimene chimuchitikire. Ngakhale zitapezeka kuti panalibe choopsa, kapitawo amuthokoze pagulu: "Achimwene, mwachita bwino kutiimitsa, tayang'ana, tipitirize." Akangonyozedwa kamodzi, kapena dzina lake likasowa pa ndandanda ya ovataimu sabata yotsatira, chiganizo chija cha pa tsamba la mfundo chafa.

M'mawa uliwonse, kapena poyamba shifiti, pakhale zokambirana za mphindi 5 mpaka 10, anthu ataimirira pamalo pa ntchito. Mutu ukhale umodzi wokhudza ntchito ya tsikulo. Kapitawo asamalalikire, afunse kuti "lero chasintha n'chiyani?" Mvula yagwa usiku, pansi pali poterera. Crane yabwera ya kontilakita wina. Mnzathu wa pa makina achitatu wapita kumaliro, walowapo ndi wachilendo.

Aganyu ndi makontilakita

Amene amavulala kwambiri nthawi zambiri ndi atsopano, ndipo aganyu ndi atsopano tsiku lililonse. Amapatsidwanso ntchito zimene okhazikika amazikana. Asanagwire chilichonse, mphindi 20: muwaonetse potulukira moto ukabuka, posonkhanira, wopereka chithandizo choyamba, malamulo aja osakambirana, ndi munthu mmodzi wokhazikika woyenda nawo. Sungani jombo ndi mahelemeti angapo a masaizi osiyanasiyana a anthu otere. Waganyu wa patapata pakati pa anthu a jombo akuuza fakitale yonse kuti miyoyo ili ndi mitengo yosiyana.

Kontilakita alembedwe za chitetezo mu mgwirizano momwemo, asanayambe. Mtengo wotsikitsitsa kawirikawiri umatsika chifukwa mulibe nsanja yabwino ndi zovala. Mufunseni alembe padera ndalama za zimenezi.

Ngozi ikachitika

Choyamba wovulala, kenako malo asakhudzidwe kufikira atajambulidwa. Wopsa ndi moto athiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi kwa mphindi zosachepera 15. Shifiti iliyonse ikhale ndi ophunzira chithandizo choyamba osachepera awiri, poti mmodzi akhoza kukhala pa tchuthi. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa zimenezi. Dziwiranitu galimoto yonyamula wovulala usiku ndi amene amasunga kiyi wake. Kuchoka ku Chirimba kapena ku Limbe kukafika kuchipatala cha Gulupu nthawi yoweruka si ulendo wa mphindi zisanu.

Pofufuza mudzamva mawu akuti tsoka silinunkha, mwinanso manong'onong'o oti pali dzanja la munthu. Musanyoze zikhulupiriro za anthu, koma musalole kuti kafukufuku athere pamenepo. Mawu ena otseka nkhani ndi akuti "anali wosasamala". Funsani chifukwa, mobwereza. Dzanja lagwidwa ndi lamba chifukwa chotchinga chinachotsedwa. Chinachotsedwa chifukwa lamba amaguluka kasanu pa shifiti ndipo chotchingacho chili ndi mabawuti 8. Amaguluka chifukwa bearing inatha. Sinasinthidwe chifukwa pepala loitanitsa lakhala pa desiki ya ku akaunti miyezi iwiri. Mukachotsa ntchito wovulalayo, bearing ija ikudikirabe wolowa m'malo mwake.

Siyanitsani zinthu zitatu. Kulakwitsa kwa munthu aliyense kumafuna kukonza dongosolo. Njira yachidule imene gulu lonse linazolowera, kapitawo akuona, imafuna kufunsa kapitawo ndi omuyang'anira. Kuphwanya dala, monga kudula loko wa mnzako kapena kukwera forklift utaledzera, ndiko kokha koyenera chilango. Zimene mwapeza ziuzidwe kwa antchito onse m'Chichewa, popanda kutchula dzina ngati n'kotheka. Kubanja la wovulala pitani, ndipo mapepala a chipepeso ayende msanga. Pepani sapoletsa chilonda.

Moto: zozimira ziyang'aniridwe mwezi uliwonse ndi kuchitidwa sevisi chaka chilichonse. Madzi sathira pa moto wa magetsi kapena wa mafuta. Chozimira cha ufa cha makilogalamu 9 chimatha pasanathe theka la mphindi, choncho ndi cha moto wongoyamba kumene. Yeserani kutuluka kawiri pa chaka, kamodzi usiku, ndipo itanani ozimitsa moto a Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre adzaone malo anu. Poyeserapo ndi pamene mudzatulukire kuti khomo lothawira linakhomedwa ndi loko poopa akuba, kiyi ali ndi munthu amene waweruka.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda

Ambiri amawerengera ngozi zojombetsa munthu ku ntchito, kuchulukitsa ndi 1,000,000, n'kugawa ndi maola onse ogwiridwa. Kampani ya anthu 60 ogwira maola 48 pa sabata kwa milungu 50 ili ndi maola 144,000 pa chaka. Ngozi imodzi yokha imapereka pafupifupi 7, popanda ngozi ndi 0. Nambala yodumpha chonchi singakuuzeni zambiri pa kampani yaing'ono. Mwezi ndi mwezi yang'anani izi m'malo mwake: malipoti abwera angati, okonzedwa pa nthawi yake ndi angati pa 100 alionse, lipoti lakale kwambiri losakonzedwa latha masiku angati, bwana wayenda kangati, ntchito yaimitsidwa kangati. Manambalawa akhale oyamba pa msonkhano wa mamanijala, asanakambe za malonda, ndipo komiti ya chitetezo, yokhala ndi antchito osachepera theka, iziwaona onse.

Ofuna satifiketi ya ISO 45001, muyezo wapadziko lonse wa chitetezo pa ntchito umene unatuluka mu 2018, aitenge zimenezi zitayamba kale kuyenda. Makasitomala ena akunja amaifunsa. Pa kalendala ikanipo 28 Epulo, tsiku lokumbukira chitetezo ndi umoyo pa ntchito padziko lonse, ngati tsiku lounikanso ndandanda ya zoopsa. Ikaniponso sabata yoyamba ya Okutobala, mvula isanayambe. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaonetsa chimene madzi otsika m'mapiri a mzinda uno angachite. Sabata imeneyo gwirani ngalande, makoma a mpanda, madenga ndi mabokosi a magetsi amene ali pafupi ndi pansi, dinani batani loyesera pa earth leakage iliyonse (swichi yodzithimitsa yokha poteteza munthu kugwidwa ndi magetsi), ndipo lembani dzina la munthu amene ali ndi mphamvu yoweruzitsa anthu msanga mitsinje ya Mudi ndi Nasolo isanadzaze.